Collapse into Now: mafunso ndi mayankho pa chimbale chomwe R.E.M. inatsanzikira

Magulu oimba ambiri amatha ngati ukwati wa mkangano: wina watuluka usiku ndi katundu wake, wina akulankhula kwa atolankhani, maloya ali pakati. Gulu la R.E.M. la ku America linatha mwa mtundu wina. Linajambula chimbale, n'kuikamo mawu otsanzika poyera, n'kudikira miyezi 6 kuti mwina wina azindikira, kenako n'kulengeza. Pansipa pali mafunso amene amabwerabwera pa nkhani ya chimbalechi.

Kodi R.E.M. ndi ndani?

Ngati munamvapo "Everybody Hurts" kapena "Losing My Religion", ndiye kuti mukuwadziwa kale, dzina lokha ndi limene linakuphonyani. Gululi linayamba mu 1980 m'tauni ya Athens, m'boma la Georgia, kumwera kwa America. Anali anyamata anayi: Michael Stipe woimba pakamwa, Peter Buck wa gitala, Mike Mills wa besi, ndi Bill Berry wa ng'oma. Stipe ndi Buck anakumana m'sitolo yogulitsa zimbale ya Wuxtry, komwe Buck ankagwira ntchito. Ulendo woyamba kuimba pagulu unali pa 5 Epulo 1980, paphwando la tsiku lobadwa la mnzawo, m'nyumba yomwe kale inali tchalitchi.

Chimbale chawo choyamba chachikulu, Murmur, chinatuluka mu 1983, ndipo magazini ya Rolling Stone inachisankha kukhala chimbale chopambana cha chaka chimenecho, pamwamba pa Thriller ya Michael Jackson. Pamalonda sichinafike ngakhale pachidendene cha Thriller. Kutchuka kwenikweni kunadza mochedwa, ndi Out of Time mu 1991 ndi Automatic for the People mu 1992.

Nanga "alternative rock", dzina limene anthu amatchulira nyimbo za R.E.M., ndi nyimbo zotani?

Poyamba dzinali silinkanena za kamvekedwe kwenikweni. Linkanena za njira. M'zaka za m'ma 1980 ku America kunali magulu a rock omwe mawailesi akuluakulu sankawaika n'komwe. Nyimbo zawo zinkamveka pa timawailesi ta ophunzira a m'mayunivesite, zimbale zawo zinkatulutsidwa ndi timakampani tating'ono, ndipo eni akewo ankayenda pa kagalimoto kamodzi tauni ndi tauni kukaimba m'mabala. R.E.M. ndi limodzi mwa magulu oyamba amene anachoka m'moyo umenewo n'kufika pamwamba osasintha kwambiri kaimbidwe. Zimbale zisanu zoyamba anatulutsa ndi kampani ya I.R.S., ndipo mu 1988 anapita ku Warner Bros.

Collapse into Now chinatuluka liti?

Pa 7 Marichi 2011 ku Ulaya, ndipo tsiku lotsatira ku America. Ndi chimbale chawo cha nambala 15 chojambulidwa mu situdiyo. Muli nyimbo 12, zotenga mphindi pafupifupi 41. Anachijambula ndi Jacknife Lee wa ku Ireland, yemwenso anagwira nawo chimbale cha Accelerate mu 2008.

Kodi pojambula ankadziwa kuti n'chomaliza?

Ankadziwa. Nkhani yoti mwina nthawi yakwana inayamba pakati pawo ali paulendo woimba wa mu 2008. Pofika nthawi yomaliza kujambula, atatu otsalawo (Berry anali atachoka mu 1997) anali atamvana kale, ndipo anasunga chinsinsi ngakhale pamene ankayankha mafunso a atolankhani za chimbale chatsopanocho. Chilengezo chinatuluka pa 21 Seputembala 2011 patsamba lawo la pa intaneti, gululi litakhala zaka 31.

Kuti mumvetse chifukwa chake anadikira mpaka 2011, muyenera kubwerera ku 2004. Chaka chimenecho anatulutsa Around the Sun, chimbale chozizira, chokokeka, chomwe ngakhale eni ake anadzachidandaula. Buck ananena poyera kuti chimamveka ngati anthu otopa ndi nyimbo zawo zomwe. Akanasiyira pamenepo, anthu akanati gululi lafa ndi ukalamba. Ndiye anabwerera mu situdiyo n'kujambula Accelerate mwachangu, nyimbo zifupizifupi zaukali, chimbale chonse chosapitirira mphindi 35. Anthu anachilandira bwino, ku Britain chinafika pa nambala 1. Atabweza ulemu wawo m'pamene anaona kuti tsopano angathe kuchoka ali chilili, osati atagwa.

Mwati anaikamo mawu otsanzika. Ali pati?

Yambani ndi chikuto. Pa zimbale 14 zoyamba, gulu lonse silinajambulitsepo limodzi kuti likhale pachikuto chakutsogolo. Pa ichi atatu onse alipo, pachithunzi chojambulidwa ndi Anton Corbijn, ndipo Stipe wakweza dzanja. Ambiri anaona ngati ndi moni. Kunali kubayibitsa.

Kenako nyimbo yachiwiri, "All the Best". Mutu wokhawo ndi mawu amene Azungu amalemba kumapeto kwa kalata, kapena kuuza munthu amene akusiyana naye. M'kati mwake woimbayo akunena zoti achitenso kamodzi kokha, awonetse achinyamata mmene ntchitoyi amaigwirira, ndiponso akudziseka ngati munthu amene wakhalitsa pamalo. Palibe chophiphiritsa apa. Chimene chinaphimba anthu m'maso n'chakuti nyimboyi ndi yothamanga, ya magitala aphokoso, ndipo khutu likamva liwiro lotere siliyembekezera nkhani yotsanzikana.

Chizindikiro chachitatu, chomwe ine ndimachikonda koposa, chili kumapeto. Nyimbo yomaliza, "Blue", ndi yolemera, Stipe akulankhula m'malo moimba, woimba wa ku America Patti Smith akuimba pambali pake. Ikamatha, mwadzidzidzi gitala ya nyimbo yoyamba ija, "Discoverer", imabwereranso, ndipo chimbale chimatsekera pomwe chinatsegukira. Uku kunali kumanga mfundo pachingwe.

Palinso "It Happened Today", yomwe mawu ake amatha msanga, n'kutsala mawu a anthu okhaokha akuimba opanda liwu lililonse lomveka tanthauzo, mpaka nyimbo kutha. Pa iyi sindikakamira. Munthu ukadziwa mapeto a nkhani umayamba kuona zizindikiro ngakhale pomwe palibe, ndipo okonda R.E.M. ena afika poona kutsanzika m'nyimbo iliyonse ya m'chimbalechi, ngakhale "Mine Smell Like Honey" yomwe ndi nyimbo yongosangalatsa basi.

Ndiye bwanji anthu sanazindikire?

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba, anthu n'kumangovina. Zifukwa ndikuziona ziwiri. Choyamba, Stipe anazolowetsa anthu mawu ovuta kumva. Pa zimbale zoyambirira anthu ankakangana kuti kodi akutchula mawu otani, ndipo ngakhale pambuyo pake sankakonda kulemba za moyo wake mwachindunji. Atalankhula zoona zenizeni mosabisa, anthu anaganiza kuti ndi munthu wina wa m'nyimbo amene akulankhula. Chachiwiri, mphekesera zoti R.E.M. ikutha zinali zitamveka kambirimbiri kuyambira 1997, moti makutu anali atafa nazo.

Kodi anakangana? Kapena inali nkhani ya ndalama?

Eni ake anakana zonsezi. M'chilengezo chija Mills ananena kuti panalibe kusamvana, panalibe kudana, ndipo panalibe maloya. Stipe anagwiritsa ntchito fanizo la phwando: luso la wopita kuphwando ndi kudziwa nthawi yonyamuka. Zaka zonse zapitazi palibe mmodzi mwa iwo amene anatulukira n'kunena zosiyana, ndipo amaonekabe limodzi.

Chimene chinawateteza ku mikangano ya ndalama ndi pangano lomwe anapanga ali anyamata. Nyimbo iliyonse inkalembedwa kuti ndi ya onse anayi, Berry, Buck, Mills ndi Stipe, posatengera kuti wabwera nayo ndani, ndipo phindu ankagawana mofanana. Aliyense analinso ndi mphamvu yokana chinthu chimene sakuchifuna. Magulu ambiri amasweka pa mfundo imeneyi: wolemba nyimbo amalemera, woimba ng'oma n'kumakwerabe basi.

Komabe nkhani ya bizinesi siyosowa. Mu 1996 anasainanso mgwirizano ndi Warner Bros. womwe manyuzipepala ankati unali wa madola 80 miliyoni, umodzi mwa migwirizano ikuluikulu pa nthawiyo. Collapse into Now chinali chimbale chomaliza pa mgwirizano umenewo. Kuti apitirize, anafunika kukhalanso pansi ndi kampani ina kapena yomweyo, pa nthawi imene malonda a zimbale anali atagwa chifukwa cha intaneti. Mgwirizano utatha, khomo linali lotseguka.

Bill Berry ali kuti m'nkhaniyi?

M'chimbalechi mulibe Berry. Pa 1 Marichi 1995 anagwa ali pa siteji ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, mtsempha wa magazi utaphulika mu ubongo. Anamuchita opaleshoni, anachira, ndipo anamaliza nawo ulendowo ndi chimbale china, New Adventures in Hi-Fi. Mu Okutobala 1997 anati watopa ndi moyo woyendayenda, n'kupita kukalima pafamu yake ku Georgia. Anauza anzakewo kuti ngati kuchoka kwake kuthetse gulu, ndiye sachoka. Iwo analonjeza kupitiriza. Stipe ananena nthawi imeneyo kuti galu wa miyendo itatu ndi galube, amangofunika kuphunzira kuthamanga mwa njira ina.

Galuyo anathamangadi zaka 14, zimbale zisanu. Sanaikepo munthu wina kukhala membala m'malo mwa Berry. Pa Collapse into Now ng'oma anaimba ndi Bill Rieflin, yemwe anagwira nawo ntchito kuyambira cha mu 2003 ndipo anamwalira mu 2020. Scott McCaughey, amene anayenda nawo kuyambira m'ma 1990, anathandiza pa gitala ndi zida zina.

Pali okonda gululi amene amati R.E.M. yeniyeni inatha tsiku limene Berry anachoka. Ndimawamva, chifukwa Berry sanali wa ng'oma chabe: ankapeka nawo nyimbo, ndipo "Everybody Hurts" inayambira kwa iye. Koma kutaya zimbale zisanu zonse n'kupyola muyeso.

Anajambulira kuti?

Ntchito yoyeserera inayambira ku Portland, ndipo kujambula kwenikweni kunachitikira ku New Orleans, ku Berlin ndi ku Nashville, kuyambira kumapeto kwa 2009 mpaka 2010. Malo amene amatchulidwa kwambiri ndi situdiyo ya Hansa ku Berlin, yomwe inali pafupi ndi khoma lija linkagawa mzindawu pawiri. M'menemo ndi momwe David Bowie anajambulira "Heroes" mu 1977, ndiponso momwe U2 inayambira Achtung Baby. Nyimbo ya "Überlin" inatenga dzina ku mzindawu: ndi ya munthu amene akungokankha tsiku, kuyembekezera usiku kuti akayende m'misewu.

Ku Hansa komweko anaimba nyimbo zingapo za m'chimbalechi onse pamodzi m'holo yaikulu, pamaso pa abale ndi abwenzi ochepa, makamera akujambula. Makanema ake alipo pa intaneti. Muwaonere mukudziwa kuti atatuwo akudziwa zomwe ena ambiri m'chipindamo sakudziwa.

Ndani ena amene anaimba nawo?

Patti Smith ali mu "Discoverer" ndi "Blue". Kupezeka kwake si kwa mlendo wamba. Stipe wakhala akunena kuti chimbale cha Smith cha mu 1975, Horses, chimene anachimva ali mnyamata wa zaka 15, ndi chomwe chinamupangitsa kufuna kukhala woimba. Smith anaimbanso nawo mu 1996 m'nyimbo ya "E-Bow the Letter". Kumuika m'nyimbo yotsiriza ya chimbale chotsiriza kunali ngati kuitana amene anakuphunzitsa gule kuti adzaone kuvina kwako komaliza. Mnzake wa Smith wa gitala wa nthawi yaitali, Lenny Kaye, nayenso alimo.

Eddie Vedder wa gulu la Pearl Jam ndi Joel Gibb ali m'gulu la mawu aja mu "It Happened Today". Vedder ndi amene analankhula mawu olandira R.E.M. mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, mu 2007. Peaches, woimba wa ku Canada wokhala ku Berlin, akulimbana ndi Stipe mu "Alligator_Aviator_Autopilot_Antimatter", nyimbo yamisala yomwe mutu wake wokha umatopetsa lilime. Malipenga ndi a gulu la Bonerama la ku New Orleans.

Dzina la chimbale likutanthauza chiyani?

Mawuwa ali m'nyimbo ya "Blue", ndipo Patti Smith ndi amene anawalozera kuti akuyenera kukhala dzina la chimbale. Ganizo lake ndi la zakale ndi zam'tsogolo zonse kugwera pa mphindi ino.

"Oh My Heart" imanena za chiyani?

Za New Orleans pambuyo pa namondwe wa Katrina wa mu Ogasiti 2005, pamene makoma otchinga madzi anagumuka, gawo lalikulu la mzinda n'kumira. Pa Accelerate panali nyimbo yotchedwa "Houston", ya munthu amene wathawa madziwo n'kukapezeka ku Texas, ali ndi mkwiyo pa boma. "Oh My Heart" ndi munthu yemweyo akubwerera kwawo, kukapeza mzinda theka litafufutika, n'kuyambanso. Ili ndi mandolini ndi akodiyoni, kamvekedwe kokumbutsa zaka zawo za Out of Time. Kwa ine ndi nyimbo yopambana m'chimbale chonse, ndipo sifunika kuti mudziwe mbiri ya gululi kuti ikugwireni. Aliyense amene anaonapo mudzi madzi osefukira ataphwa, matope ali m'nyumba mpaka m'mawondo, aimva.

Bwanji sanayende kukaimba nyimbozi?

Sanafune. Ulendo wotsanzika ukanabweretsa ndalama zochuluka zedi, ndipo magulu ambiri amachita zimenezo, ena mpaka kutsanzika kawiri katatu. R.E.M. inaona kuti kugulitsa matikiti ndi mawu oti "bwerani mudzationere komaliza" si khalidwe lawo. Choncho shoo yawo yomaliza yathunthu inakhala ya pa 18 Novembala 2008 ku Mexico City, ndipo amene analipo sanadziwe kuti akuona mapeto. Gulu lomwe linazungulira dziko lonse, mpaka kufika ku South Africa mu 2005, silinatengepo nyimbo za m'chimbale chake chomaliza kupita nazo kwa anthu.

M'malo mwa ulendo, Stipe anapempha akatswiri osiyanasiyana kuti aliyense apange kakanema ka nyimbo imodzi. Sam Taylor-Wood anapanga ka "Überlin", momwe Aaron Johnson akuvina yekha m'misewu ya London. Enanso anali Sophie Calle, Albert Maysles ndi James Franco. Timakanemati n'tosiyana ubwino: tina n'tokongola, tina mungationere kamodzi n'kukhuta.

Kodi chinayenda malonda?

Chinafika pa nambala 5 ku America ndi ku Britain, ndi pa nambala 1 ku Germany. Kwa gulu la amuna a zaka zopitirira 50, losayenda n'komwe kukachilengeza, sizoipa. Koma poyerekeza ndi masiku a 1991 ndi 1992, pamene chimbale chimodzi chinkagulidwa mamiliyoni opitirira khumi, malonda anali ochepa kwambiri. Kuyambira pomwe Berry anachoka, Ulaya ndi amene ankawagwira dzanja kuposa kwawo ku America.

Nanga ndi chimbale chabwino?

Ndi chabwino, koma si chopambana pa zimbale zawo, ndipo amene angakuuzeni kuti chikufanana ndi Automatic for the People kapena Murmur akulankhula ndi chisoni, osati ndi makutu. Olemba za nyimbo ambiri anachiyamikira mwapakatikati, ndipo dandaulo lomwe linkabwerezedwa linali loti nyimbo iliyonse ikukumbutsa ina yakale. N'zoona. "Überlin" ili ndi fungo la "Drive", "Blue" ndi mphwake wa "E-Bow the Letter" ndi "Country Feedback".

Kusiyana kwake n'kwakuti mu Marichi 2011 zimenezi zinkamveka ngati kusowa nzeru zatsopano, pomwe pambuyo pa Seputembala zinayamba kumveka ngati munthu amene akusamuka, akulowa chipinda chilichonse cha nyumba komaliza asanapereke makiyi. Nyimbo zake sizinasinthe, ife omvera ndi amene tinadziwa zambiri. Kaya kudziwako kuyenera kukweza mtengo wa nyimbo, imeneyo ndi nkhani yoti anthu n'kuchezera usiku wonse. Ine ndimati "Discoverer", "Überlin", "Oh My Heart" ndi "Walk It Back" zimaima pazokha. "That Someone Is You" imatha musanakhale pansi bwino, siikwana ndi mphindi ziwiri zomwe. "Every Day Is Yours to Win" ndimailumpha kawirikawiri.

Sindinamverepo R.E.M. Ndiyambire pa ichi?

Ayi. Kutsanzika kumakhudza munthu amene anakhala nawo. Yambani ndi Automatic for the People, kenako mubwerere ku Murmur ndi Document kuti mumve ali anyamata. Collapse into Now mudzafikeko pambuyo.

Kodi "Blue" ndiyo nyimbo yawo yomaliza kutulutsa?

Ayi. Mu Novembala 2011 anatulutsa chimbale chosonkhanitsa nyimbo za zaka zonse, Part Lies, Part Heart, Part Truth, Part Garbage 1982–2011, choyamba kuphatikiza nyimbo za nthawi ya I.R.S. ndi za nthawi ya Warner. Munali nyimbo zitatu zatsopano: "A Month of Saturdays", "Hallelujah" ndi "We All Go Back to Where We Belong". Yachitatuyi ndi imene inatumizidwa ku mawailesi ngati mawu omaliza.

Adzabwererananso?

Nthawi zonse akafunsidwa amati ayi, ndipo mpaka pano sanatulutse chimbale china kapena kukonza ulendo. Aliyense ali ndi zake: Buck waimba ndi magulu angapo ndi kutulutsa zimbale zakezake, Mills amaimba ndi anzake ndipo anapeka nyimbo yoimbidwa ndi vayolini pamodzi ndi gulu la rock, Stipe watulutsa mabuku a zithunzi ndi nyimbo zochepa.

Kuonekera limodzi kokha ndiye kwachitika. Pa 13 Juni 2024 ku New York, polandiridwa mu Songwriters Hall of Fame, anayi onse, Berry ali pomwepo, anaimba "Losing My Religion". Aka kanali koyamba anayiwo kuimba limodzi pagulu kuyambira 2007. Mu Febuluwale 2025 anakweranso pa siteji ya 40 Watt Club kwawo ku Athens, pa shoo ya Michael Shannon ndi Jason Narducy omwe amaimba nyimbo za R.E.M., n'kuimba nawo "Pretty Persuasion" ya mu 1984. Anaimba nyimbo imodziyo onse anayi, n'kutsika.